Timu Ikugonja Sabata ndi Sabata: Mafunso ndi Mayankho pa Mpira wa Non-League ndi Oyimbira Ake

Amalawi ambiri okhala ku England amadziwa bwalo la Old Trafford kapena Anfield, koma sadziwa kuti kuseri kwa nyumba zawo kuli kabwalo kena komwe mpira umaseweredwa Loweruka lililonse, anthu oonera osakwana 200. Mafunso ali m'munsiwa ndi a munthu amene wayamba kutsatira timu yotere, makamaka imene zinthu sizikuiyendera, ndipo akufuna kudziwa ngati mkwiyo wake pa woyimbira uli ndi maziko.

Kodi non-league ndi chiyani? Ndiye kuti matimuwo alibe ligi?

Ligi ali nayo, dzinali ndi losocheretsa chabe. Ku England matimu 92 ndiwo amawerengedwa kuti ali "mu ligi": 20 a Premier League ndi 72 a Championship, League One ndi League Two. Onse apansi pawo ndi non-league. Bungwe la FA, loyendetsa mpira ku England, linawasanja m'masitepe. Sitepe 1 ndi National League ya matimu 24. Sitepe 2 ili ndi National League North ndi National League South. Sitepe 3 ili ndi magulu anayi ochokera ku Northern Premier League, Southern League ndi Isthmian League. Mukamatsika magulu amachuluka ndipo madera amachepa, mpaka pa Sitepe 5 ndi 6 pomwe timu imayenda ulendo wa ola limodzi kapena awiri basi.

Chitseko chokwerera pamwamba ndi chotsegula. Kuyambira 1987 wopambana ligi ya Sitepe 1 anayamba kukwera mosapempha chilolezo kwa matimu apamwamba, ndipo kuyambira 2003 amakwera awiri. Luton Town inachoka mu non-league mu 2014 n'kufika mu Premier League mu 2023. Jamie Vardy ankasewera ku Stocksbridge Park Steels asanapite ku Halifax ndi Fleetwood, mpaka Leicester City inamugula mu 2012. Tamika Mkandawire, wobadwira ku Mzuzu, anali wotchinga kumbuyo wa Hereford United pamene timuyi inakwera kuchoka mu non-league mu 2006.

Ndikafuna kukaonera ndikonzekere bwanji?

Masewera ambiri amayamba 3 koloko masana Loweruka, ndipo apakati pa sabata amayamba 7:45 madzulo, kawirikawiri Lachiwiri. Pa Sitepe 5 ndi 6 mumalipira pageti, nthawi zambiri ndalama zosapitirira £10; ku National League mtengo umayandikira kapena kupitirira £20. Kuyambira November mpaka February, musanyamuke musanaone tsamba la timu pa X kapena Facebook, chifukwa woyimbira amayendera bwalo m'mawa kapena atangofika, ndipo likakhala ndi madzi kapena louma ndi chisanu masewera amalephereka. Valani masokosi awiri. Kuzizira kumalowera kumapazi mukaima pa simenti kwa maola awiri.

M'mabwalo ambiri apansi palibe wokuuzani pokhala. Ochemerera amaima kuseri kwa golo lomwe timu yawo ikukamwetsako, n'kusintha mbali pa nthawi yopuma. Kwa munthu wofuna kuona ntchito ya oyimbira, malo amenewo ndi oipa kuposa onse. Imani m'mbali mwa bwalo, pafupi ndi mzere wapakati, pamalo okwererako ngati alipo.

N'chifukwa chiyani timu ina imatha miyezi osapambana?

Kugwa kwa timu ya non-league kumayambira m'thumba, kenako n'kuonekera m'bwalo. Matimu ambiri amadalira munthu mmodzi wabizinesi amene amathira ndalama zake. Akatopa kapena bizinesi ikagwa, ndalama zolipira osewera pa sabata zimadulidwa. Osewera ambiri pa masitepe apansi alibe kontilakiti. Timu ina ikamufuna wosewera wotere, imangolembera timu yake kalata yodziwitsa, n'kudikira masiku asanu ndi awiri, kenako n'kulankhula naye. Mphunzitsi akachoka, si zachilendo kuti osewera asanu kapena asanu ndi atatu amutsatire mwezi womwewo. Otsala ndi anyamata a zaka 17 ndi 18 ochokera ku timu ya achinyamata, obwerekedwa angapo, ndi mkulu mmodzi amene mawondo anamuthera kale.

Pamenepo mavuto amabala anzake. Anthu apageti amachepa, mowa ndi tiyi za m'nyumba ya kalabu sizigulidwa, pamene magetsi a bwalo ndi malipiro a oyimbira, omwe timu yapakhomo ndiyo imapereka, sizitsika mtengo. Osewerawo ali ndi ntchito zina: wina ndi womanga, wina mphunzitsi wa sukulu, wina woyendetsa vani. Amakonzekera kawiri pa sabata, ndipo masewera olephereka m'nyengo yozizira akaunjikana mu March ndi April, amatha kusewera Loweruka, Lachiwiri ndi Lachinayi sabata imodzi. Timu yokhala ndi osewera 15 odalirika siingapirire zimenezo.

Palinso mapointi otayikira mu ofesi. Mlembi wa timu, yemwe nthawi zambiri amagwira ntchito mongodzipereka, akalakwitsa kulembetsa wosewera kapena kuiwala kuti wina ali pa chilango, ligi imalanda mapointi a masewera amenewo. Dover Athletic inayamba nyengo ya 2021/22 ya National League italandidwa mapointi 12 chifukwa inasiya kusewera nyengo yapitayo pa nthawi ya Covid-19. Inapambana kawiri kokha, n'kumaliza ndi pointi imodzi. Hyde mu 2013/14 inapambana kamodzi pa masewera 46 ndipo inamaliza ndi mapointi 10. Nyengo zoterezi woyimbira sangazipange, ngakhale atakhala woipa chotani.

Ndikamaonera timu yotere, zizindikiro zoti ikuchira kapena ikumira ndi ziti?

Zigoli zokha zimanama. Onani mphindi zisanu zotsatira chigoli choyamba chimene timu yagoletsedwa. Timu yosweka mtima imagoletsedwa chachiwiri msanga, osewera akulozana zala. Onani mtunda pakati pa otchinga kumbuyo ndi osewera pakati: ukafika mamita 25 kapena 30, adani amalandira mpira m'mpata umenewo n'kutembenuka momasuka. Werengani kuti pa mipira yam'mwamba khumi yomwe goloboyi wamenya, ingati yagwera mwa anzake ikadumphiridwa koyamba. Pa mabwalo amatope mpira wachiwiri umenewu ndiwo umagamula masewera. Ndipo onani mphindi 20 zomaliza. Ngati timu imalimba mpaka mphindi ya 70 kenako n'kumwetsedwa zitatu, vuto ndi mpweya ndi kuchepa kwa osinthana nawo, osati luso.

Oyimbira pa masitepe amenewa ndi anthu otani?

Nawonso ali ndi makwerero awo. Woyamba kumene amakhala pa mlingo 7, pansi pa bungwe la mpira la chigawo chake. Akafika mlingo 4 amayimbira pa Sitepe 5 ndi 6, n'kumagwira mbendera pa Sitepe 3 ndi 4. Wa mlingo 3 amayimbira pa Sitepe 3 ndi 4. Choncho munthu amene mukumuona ndi wezulo akhoza kukhala mnyamata wa zaka 22 amene akuthamangira kukwera, kapena bambo wa zaka 50 amene anakhazikika pamenepo. Onse ali ndi ntchito zawo zina. Palibe VAR, palibe makina oona ngati mpira wadutsa mzere wa golo, ndipo m'masitepe apansi palibe woyimbira wachinayi wokhazika mtima pansi anthu a pa benchi. Mukatsika kupyola Sitepe 6, nthawi zambiri mbendera zimagwiridwa ndi anthu a matimu omwewo, wosewera wapabenchi kapena mkulu wa komiti, ndipo woyimbira wanzeru amawauza kuti azingosonyeza mpira ukatuluka.

Ndani amawayesa, ndipo amayang'ana chiyani?

Amayesedwa pawiri. Choyamba, matimu onse awiri amapereka malikisi pa 100 masewera akatha. M'maligi ambiri, timu ikapereka 60 kapena kucheperapo iyenera kulemba lipoti lofotokoza zifukwa, ndipo "anatibera" si chifukwa. Malikisi amenewa aliyense amadziwa kuti amatsatira zotsatira: wopambana amapereka 80, wogonja 62.

Chachiwiri, pa masewera ena FA imatumiza woyang'anira, kawirikawiri woyimbira wopuma. Mungamuzindikire: amakhala payekha pamalo okwera, ali ndi kabuku ndi wotchi, sachemerera aliyense. Amalemba mphindi ya chochitika chilichonse chachikulu, pomwe woyimbira anaima, ndi chimene anagamula. Masewera akatha amalowa m'chipinda cha oyimbira kukafunsa mafunso, chifukwa chigamulo chooneka cholakwika kuchokera kunja chimatha kukhala ndi chifukwa, mwina mawu achipongwe amene oonera sanamve. Kenako amalemba lipoti ndi malikisi, ndipo pakutha pa nyengo malipoti amenewa ndiwo amathandiza kugamula wokwera, wotsala ndi wotsika.

Woyang'anira sawerenga fawulo iliyonse. Cholemera kwambiri ndi zigamulo zosintha masewera: penate, khadi yofiira, chigoli chololedwa kapena chokanidwa. Woyimbira akhoza kuchita bwino mphindi 89, koma akaphonya khadi yofiira yoonekeratu malikisi ake amagwa. Pambuyo pake pamabwera kugwiritsa ntchito malamulo molondola, kulamulira osewera ndi anthu a pa benchi, kuthamanga ndi kuima pamalo oyenera, ndi kugwirizana ndi omuthandizira.

Ine monga woonera, ndingamuyese bwanji mwachilungamo?

Tengani pepala muligawe pawiri, mbali iliyonse timu yake. Lembani zochitika zosapitirira khumi m'masewera onse, ndipo pa chilichonse dzifunseni zinthu zitatu: anali kutali bwanji, anali ndi mpata woona pakati pa osewera awiriwo, ndipo chofanana nacho chitachitika mbali inayo anagamula chimodzimodzi?

Za mtunda, mamita 15 mpaka 20 kuchokera pa mpira ndiwo abwino. Kuyandikira kwambiri kumamuchititsa kuona mapazi okha osaona zigongono, ndiponso amatchinga njira za mpira. Koma mbali yoonerako imaposa mtunda. Woyimbira amene ali kumbuyo kwenikweni kwa wotchinga sangaone ngati phazi lakhudza mpira kapena mwendo, ngakhale atakhala mamita asanu. N'chifukwa chake amathamanga mopingasa, kuchoka cha kukona imodzi kupita cha kukona yoyang'anana nayo, kuti mpira uzikhala pakati pa iye ndi womuthandizira. Mukaona woyimbira akungozungulira pakati pa bwalo, ma penate ake akhala ongoganizira.

Onaninso mphindi khumi zoyamba. Fawulo yoyamba yolimba ndiyo imauza osewera malire. Woyimbira akaisiya, osewera amakweza, ndipo pofika mphindi ya 35 amayamba kutulutsa makhadi pa zinthu zazing'ono kuposa zimene anazisiya poyamba. Oonera amati "wasokonezeka", koma cholakwacho chinachitika kalekale. Mvetserani wezulo wake: wa fawulo wamba akhale wamfupi, wa fawulo yoopsa wamphamvu ndi wautali. Woyimba mofanana nthawi zonse amasiya osewera osadziwa chimene chamukwiyitsa.

Chomaliza, musalembe malikisi anu mukadali pabwalo. Dikirani mawa.

Fawulo imafika pati kuti ikhale ya khadi?

Malamulo a IFAB (bungwe lopanga malamulo a mpira padziko lonse), omwe ndi amodzimodzi ku Wembley, ku Bingu National Stadium ndi pa kabwalo ka Sitepe 6, amagawa fawulo patatu. Yosasamala chabe ndi firikiki basi. Yosalabadira ngozi kwa mnzako ndi khadi yachikasu. Yogwiritsa ntchito mphamvu zopyola muyeso kapena yoika moyo wa mnzako pachiswe ndi yofiira. Mawu akuti "wayamba kukhudza mpira" sapulumutsa munthu. Ngati mapazi onse achoka pansi, zitsulo za jombo zaloza mwendo, liwiro lili lalikulu, kukhudza mpira sikufafaniza kanthu.

Pa khadi yofiira yolepheretsa chigoli choonekeratu, woyimbira amayeza zinthu zinayi: mtunda kukafika pagolo, kumene mpira ukulowera, ngati womenyayo akanatha kuusunga mpirawo, ndi kuchuluka ndi malo a otchinga ena. Mawu akuti "munthu womaliza" m'malamulo mulibe. Kuyambira 2016, ngati fawulo yotere yachitika m'bokosi, penate yaperekedwa, ndipo wotchingayo amayesadi kusewera mpira, khadi imakhala yachikasu. Kukoka jezi, kukankha kapena kugwira munthu kumakhalabe kofiira. Mikangano yambiri ya kuseri kwa golo imachokera kwa anthu amene akugwiritsabe ntchito malamulo a zaka khumi zapitazo.

Bwanji wogwira mbendera amachedwa kukweza, kapena osakweza n'komwe?

Ntchito yake ndi kukhala pamzere umodzi ndi wotchinga wachiwiri kuchokera kumapeto, powerengera goloboyi, kapena ndi mpira ngati mpirawo uli pafupi kwambiri ndi golo. Apa ndi pamene mungamuyese mosavuta: mpira ukamenyedwa, muoneni ali pati. Akatsalira mita imodzi kapena iwiri, maso ake amamunamiza. Wabwino amayenda cham'mbali atayang'ana m'bwalo, mbendera ili m'dzanja la kumbali ya woyimbira.

Kuchedwa kukweza nthawi zambiri n'kolondola. Kuima pa ofusayidi pakokha si mlandu. Amadikira aone ngati woimayo asewera mpira kapena asokoneza mdani, chifukwa wina wochokera kumbuyo akhoza kuufikira. Manja sawerengedwa poyeza ofusayidi, ndipo palibe ofusayidi pa mpira woponya, kona kapena golokiki. Ponena zoona, munthu woima kuseri kwa golo alibe umboni uliwonse pa nkhani ya ofusayidi, ngakhale ndiye amafuula koposa.

Ndinaona wosewera atapatsidwa khadi yachikasu n'kutuluka kwa mphindi khumi. Zimenezi n'zotani?

Kuyambira nyengo ya 2019/20, pa Sitepe 5 kutsika pansi, wotsutsana ndi woyimbira mwa mawu kapena zochita amatulutsidwa kwa mphindi khumi. Woyimbira amaonetsa khadi yachikasu kenako n'kuloza kunja ndi manja onse awiri. Timu singalowetse wina m'malo mwake pa nthawiyo, ndipo ngakhale goloboyi lamuloli limamugwira, wina n'kuvala magolovesi. Timu yogonja ndiyo imapwetekeka nalo kwambiri, popeza ndiyo imadandaula kwambiri. Palinso lamulo limene linayamba mu nyengo ya 2025/26: goloboyi akasunga mpira m'manja kupitirira masekondi asanu ndi atatu, adani amapatsidwa kona. Woyimbira amakweza dzanja kuwerenga masekondi asanu omaliza.

Koma zoona zake, timu yofooka siponderezedwa?

Imalandiradi zigamulo zambiri zowawa, koma chifukwa chake si chidani. Timu imene ikuthera mphindi 60 pafupi ndi golo lake imachita fawulo zambiri pamalo oopsa. Mpira ukalowa m'bokosi lanu maulendo 30, m'bokosi la adani maulendo asanu ndi atatu, ma penate sangagawidwe mofanana. Wosewera wotopa amafika mochedwa, ndipo kuchedwa kwa theka la sekondi ndiko kusiyana kwa kulanda mpira bwino ndi khadi. Mnyamata wa zaka 18 sanaphunzire kuchita fawulo yake pakati pa bwalo. Amadikira mpaka m'bokosi. Pamene timu yamphamvu ikakanidwa penate imapeza mpata wina, yofooka ikakanidwa mwina unali mpata wokhawo, ndiye cholakwacho chimakumbukiridwa mpaka Khirisimasi.

Komabe woyimbira ndi munthu. Kaputeni wodziwa kulankhula, benchi yaphokoso ndi mbiri ya wosewera zimatha kukoka zigamulo zazing'ono za uku kapena uku. Ngati pepala lanu likusonyeza kuti kukankha kofanana kunayimbidwa katatu mbali imodzi, kosayimbidwa konse mbali inayo, dandaulo lanu lili ndi mutu. Koma masewera amodzi sakwanira. Yang'anani oyimbira osiyanasiyana asanu. Ngati onsewo "akukuberani", wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo chitseko chake chili m'chipinda chovalira cha timu yanu.

Woyimbira akalakwitsa poyera, zotsatira zingasinthidwe?

Ayi. Lamulo 5 limati chigamulo chake pa zochitika m'bwalo ndi chomaliza, ndipo iye mwini sangachisinthe mpira ukayambiranso. Chimene timu ingachite ndi kuchita apilo pa khadi yofiira yachindunji, kuti chilango cha masewera otsatira chichotsedwe. Pamafunika umboni wosonyeza kuti cholakwacho n'choonekeratu, ndipo nthawi yoperekera apilo ndi yochepa, masiku owerengeka chabe. Matimu ambiri masiku ano amajambula masewera ndi kamera ya Veo yoikidwa pamtengo wautali pakati pa bwalo, koma chithunzi chochokera mamita 50 sichionetsa bwino pomwe jombo inagunda. Khadi ziwiri zachikasu sizichitidwa apilo, pokhapokha ngati woyimbira anapatsa munthu wolakwika.

Ndingalankhule naye masewera akatha?

Pa masitepe apansi oyimbira amadyera m'nyumba ya kalabu pamodzi ndi osewera, ndiye mpata umapezeka. Musamulondole pamene akutuluka m'bwalo kapena poimika magalimoto; zimenezo zikhoza kulembedwa mu lipoti ndipo timu yanu, yosauka kaleyo, ndiyo idzalipire chindapusa. Dikirani asambe, adye. Mufunseni kuti "munaona chiyani pa mphindi ya 63?" osati "bwanji simunayimbe?" Ambiri amayankha, ndipo ena amavomera kuti wosewera anawatchinga.

Nanga nditafuna kuyesa kuyimbira ndekha?

Lembetsani ku bungwe la mpira la chigawo chomwe mukukhala, monga Manchester FA kapena Birmingham County FA. Zaka zoyambira ndi 14. Mumaphunzira malamulo pa intaneti, kenako maphunziro a m'bwalo, n'kuyimbira masewera asanu kuti mutsimikizidwe. Masewera oyambawo amakhala a ana kapena a Lamlungu m'mawa pa mabwalo a m'mapaki, opanda omuthandizira enieni. Gulani mawotchi awiri, mawezulo awiri a mamvekedwe osiyana kuti asasokonezane ndi a bwalo loyandikana, mapensulo m'malo mwa bolopeni chifukwa cha mvula, ndi ndalama yachitsulo yoponyera maere.